Khutu la Atsibweni

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuuza ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 kuti mlembi wa nthano yaitali ali ndi ufulu wopeka. Amatola munthu apa, mudzi apo, n'kuumba nkhani yakeyake, ndipo palibe angamuimbe mlandu. Ndinkanena zimenezi molimba mtima chifukwa ndinali ndisanalembepo buku. Nditalemba langa loyamba, ufulu womwewo ndinapweteka nawo munthu amene anandiombola ndili mwana, ndipo ndinamupweteka pamaso pa mudzi wonse.

Ndine mphunzitsi wa Chichewa pasekondale ina yoyendera mumzinda wa Lilongwe, koma kwathu ndi ku Kasungu. Ndinakula ndikuwerenga mabuku a John Gwengwe, E. J. Chadza, Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba, ena othothoka masamba chifukwa chobwerekana, ndipo chilakolako cholemba langa chinandigwira kalekale. Posankha nkhani sindinavutike. Njala ya 2002 inali itandikhala pakhosi kuyambira ndili ndi zaka 11.

Ana a lero njala imeneyi amangoimva. Mvula ya dzinja lolowera mu 2001 inachuluka, minda yambiri inadzaza madzi, zokolola n'kutsika. Chimanga cha m'nkhokwe za boma, chimene chikanatipulumutsa, chinali chitagulitsidwa. Pofika Januwale 2002 mtengo wa chimanga unali utakwera kangapokangapo, ndipo ngakhale wandalama ankagona pamzere n'kubwerako thumba lili m'khwapa. Pamene Pulezidenti Bakili Muluzi ankalengeza kumapeto kwa Febuluwale kuti dziko lili pangozi, kwathu tinali titaika kale anthu ambiri. Tinkadya madeya. Madeya atasowa tinkasinja zitsa za nthochi, ndipo masiku ena tinkangogonera nkhwani wopanda mchere. Anthu anagulitsa mbuzi pamtengo wa nkhuku, kenaka mipando, mapoto, mpaka malata a padenga. Ana anatupa miyendo, kolera inabwera pamwamba pake, ndipo adzukulu ankakumba manda osaya chifukwa mikono inalibe mphamvu. Bambo anga anawolokera ku Zambia kukafuna ganyu, anabwerako chimanga chitacha.

Chozunza kwambiri chinali chakuti minda inali yobiriwira. Chimanga chinali chitamasula, china chitabereka, munthu n'kumafa akuchiona. Eni minda anaika alonda usiku ndi usana, ndipo wogwidwa akuthyola dowe nthawi zambiri sankafika kwa amfumu kapena kupolisi. Ena anamenyedwa mpaka kufa, ena anadulidwa zala, ena makutu.

Atsibweni anga, alongo awo a mayi, anali mmodzi mwa odulidwa khutu. Zimene ndinkadziwa ine n'zimene ana onse a m'mudzi ankadziwa: anagwidwa ndi chimanga cha mwini esiteti ina ya fodya kutsidya kwa dambo. Kuchikamwini kumene ankakhala anawapirikitsa, banja linatha, iwo n'kubwerera kwa mbumba yawo kudzakhala m'kanyumba kakumapeto kwa mudzi. Kuyambira pamenepo chipewa cha ulusi sichinkachoka kumutu kwawo, ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Kusukulu anzanga ankagwira khutu ine ndikamadutsa. Ndinadana nawo atsibweniwo ndi mtima wonse. Nditasankhidwa kupita kusekondale, iwo ankaumba njerwa ndi kucheka matabwa kuti athandize mayi pa fizi, ndipo akandipatsira ndalamayo ndinkailandira ndi dzanja limodzi, nkhope ndili kumbali. Sananenepo kanthu.

Kulemba ndinayamba mu 2022, m'makope a hadikava, usiku ndikamaliza kuchonga ntchito za ana. Inali nthawi imene namondwe Ana anali ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, kotero masamba ambiri ndinawalemba ndi tochi ya foni nditaitsamiritsa pakapu. Nkhani yake inali ya mnyamata wanzeru amene banja lake likunyozeka chifukwa cha mtsibweni wakuba. Mnyamatayo ndinamupatsa zabwino zonse: khama, ulemu, chifundo. Mtsibweniyo ndinamupatsa ulesi, umbombo ndi kachasu, zinthu zimene atsibweni anga enieni alibe. Ndinasintha dzina lake ndi la mudzi, koma khutu ndi chipewa ndinazisiya momwemo.

Mitu yambiri inanditulutsa thukuta. Ampangankhani anga ankayankhula ngati akuwerenga nkhani pawailesi, agogo a kumudzi n'kumayala ziganizo zimene palibe gogo anaziyankhulapo. Ndinkawerengera mkazi wanga mokweza, iye akati, "Kwanuko anthu amatero?" ndinkang'amba tsambalo n'kuyambiranso. Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa a Centre for Language Studies unkagona pafupi ndi pilo. Panali miyezi imene kope linkangokhala pawindo likutola fumbi.

Koma mutu wa usiku wa kuba unabwera wokha. Wakubayo akuwoloka dambo, matope akumumeza mpaka m'mawondo, achule akuti zii iye akayandikira. Akulowa m'munda podzera kuseri kwa chulu chimene pamwamba pake pali mtengo wa mkuyu, chifukwa pamenepo kuwala kwa moto wa alonda sikufika. Masamba onyowa akumucheka kumaso. Dzanja lamanzere lagwira phesi, lamanja likupinda chimanga pang'onopang'ono chakumunsi kuti chisalire pothyoka. Akusenda chimodzi, akuluma, m'kamwa mukudzaza mkaka wozizira chifukwa njere sizinakhwime, ndipo akutafuna misozi ikutsika. Ndinalemba osapumira mpaka tambala kulira, dzanja likunjenjemera, malaya atanyowa kumsana. Ndinadziuza kuti limeneli ndiye luso limene aphunzitsi athu ankalinena lija.

Ondichenjeza analipo. Mkazi wanga atamva nkhani yonse anati, "Bambo a mwana, nkhaniyi ndi yabwino, koma khutuli lichotseni. Munthuyu ali moyo." Ndinamuyankha kuti ndi nthano chabe. Mphunzitsi wina wopuma pantchito, amene anandikonzera kalembedwe ka mawu motsata malamulo a 1990, pondibwezera mapepala anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, eni nkhaniyi mwakhala nawo pansi?" Ndinati njalayo ndinaiona ndi maso angawa, sindikusowa wondiuza. Iwo anangofunsa kuti nthawiyo ndinali ndi zaka zingati, nditawauza anagwedeza mutu, osapitiriza.

Makampani osindikiza mabuku amathamangira mabuku a pasilabasi chifukwa ndiwo amagulidwa, ndipo nthano ya mlembi wosadziwika imayenera kudikira. Ine kudikirako sindinakufune, ndinaganiza zodzisindikizira ndekha. Ndinakatenga nambala ya ISBN ku National Archives ku Zomba, ndinagwirizana mtengo ndi wosindikiza wina mumzinda momwemu. Ndisanamalize kusonkhanitsa ndalama, mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mtengo wa mapepala ndi inki, zomwe zimachokera kunja, n'kulumpha. Munthu wodekha akanaima kaye pamenepo, mwina n'kupeza mpata wowerenganso zimene walemba. Ine ndinagulitsa njinga yamoto imene inkatibweretsera kangachepe pa kabaza, ndipo mkazi wanga anandikongolera kubanki m'khonde m'dzina lake. Mabuku 300 anatuluka kumayambiriro kwa 2024.

Tinakhazikitsa bukulo m'kalasi ina Loweruka masana, pamaso pa aphunzitsi anzanga, ana asukulu ndi olemba anzanga ochepa. Ndinawerenga mutu wa usiku uja, ndipo mayi wina wachikulire anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Mabuku angapo ndinatumiza kumudzi: la mayi, la amfumu, ndi ena a kusukulu ya pulayimale imene ndinaphunzirako. Zoti atsibweni angalimve sindinaziganizire, popeza sawerenga. Ndinaiwala kuti kumudzi buku sawerenga munthu mmodzi. Mwana amawerenga mokweza pakhonde, akulu n'kumamvera uku akutong'ola chimanga.

Patapita masabata angapo mlongo wanga anaimba foni. "Achimwene, mayi akuti mubwere. Sikuti kwagwa zovuta ayi, koma mubwere."

Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Mayi anali pamphasa atatambasula miyendo, lichero lili pamwendo, akuswa mtedza osandiyang'ana. Atsibweni anali pakampando, buku langa lili m'manja. Titapatsana moni ndi kufunsana za ana, anatsegula pamene anaikapo kaudzu.

"Mphwanga," anatero, "buku lako mdzukulu wandiwerengera lonse. Kulemba umatha. Za kachasu ndi ulesi sindinena, mwini buku ndiwe. Koma chilipo chimodzi chimene ndikufuna undiuze. Ine m'munda uja sindinapondemo phazi chibadwire. Za chulu cha mkuyu wazidziwa bwanji?"

Ndinati mwina ndinamva kwa anthu.

Anapukusa mutu. "Chulu aliyense ankachiona masana. Koma zoti moto wa alonda sufika pamenepo, angadziwe ndi amene anabisalapo usiku."

Mayi anaika lichero pambali. "Mwananga," anatero, "unali iwe."

Anafotokoza modekha, osakweza mawu. Usiku umenewo mlongo wanga, yemweyu anaimba foniyu, anali atasiya ndi kulira komwe chifukwa cha kufooka. Ine ndinatuluka osauza munthu, ndinabwera m'bandakucha chimanga nditamanga m'malaya. Mayi anachiphika msangamsanga, makoko n'kukawakwirira kudzala. Koma mvula inali itagwa, ndipo kutacha alonda anangotsata mapazi m'matope mpaka pakhomo pathu. Atsibweni anali atangofika m'mawa womwewo kuchokera kuchikamwini, atatenga kambale ka madeya kudzaona mbumba yawo. Ataona zikwanje anandikankhira m'nyumba, iwo n'kutuluka. "Ndathyola ndine," anatero. Alondawo anaona bwinobwino kuti mapaziwo ndi a mwana. Koma ankayenera kubwerera ndi munthu, ndipo munthu anali atadzipereka.

Tsiku lomwelo ine ndinayamba kutsegula m'mimba ndi kutentha thupi, ndipo ndinagona nthawi yaitali osadziwa za kunja. Nditadzuka, za usikuwo sindinazitchule. Agogo anaitana mayi ndi atsibweni n'kulamula kuti pasapezeke wondiuza. "Anati mwana akadziwa kuti khutu la mtsibweni wake linapita chifukwa cha iye, sakula bwino," anatero mayi. "Ife tinasunga. Ndiye iwe wakatenga cholembera."

Mayi ali chiyankhulire, zotsala zinayamba kubwera zokha: kulemera kwa chimanga chonyowa pamimba panga, fungo lake chikuwira mumphika, mawu a atsibweni panja, dzanja la mayi litanditseka pakamwa kuseri kwa chitseko. Ndinatsika pampando n'kukhala padothi. Ndinafuna kuyankhula koma pakamwa panauma gwa. Atsibweni anandiyang'ana kanthawi, kenaka anauza mayi kuti, "Mlongo, mpatseni madzi mwanayu."

Sindinganene kuti ndinali nditaiwaliratu. Ndinazikwirira monga mayi anakwiririra makoko aja, ndipo pamwamba pake ndinamangapo chidani. Chimene chinkandilepheretsa kuwayang'ana kumaso zaka zonsezo sichinali kuba kwawo, anali manyazi anga, ndipo ndinawapezera chifukwa china choti ndizitha kukhala nawo. Polemba, dzanja linanena zoona zimene mutu unkakana. Mutu umene anthu anauombera m'manja unali umboni wonditsutsa ine, koma ndinaupachika pa munthu wosalakwa, n'kudzisungira malo a mnyamata wanzeru wopanda banga. Nditabwerera ku Lilongwe ndinawerenganso buku lonse, ndipo ndinaona kuti mnyamatayo ndi wakufa: sachimwa, sachita mantha, samva njala ngati anzake. Wamoyo m'buku lonselo ndi wakubayo, usiku umodzi wokhawo.

Mu 1933 Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, anatulutsa buku la Nthondo. Nthondo naye anali wakuba paunyamata wake, koma Ntara anamutsata kuyambira kubadwa mpaka kumwalira, kotero wowerenga amaona munthu yense. Ine ndinamuyeza munthu wa imvi ndi usiku umodzi, usiku umenenso sunali wake. Ndinawerenga malipoti a njalayo, ndinafufuza mitengo ya chimanga, ndinafunsa anzanga a ku Salima ndi ku Mchinji zimene ankadya kwawo. Yekhayo amene sindinamufunse ndi amene ndinkamulemba, chonsecho basi yonyamuka ku Lilongwe m'mawa imafika kwathu dzuwa lisanapendeke. Safunsa anadya phula, ndipo langalo ndinadyetsa ndi ena omwe.

Kupepesa kwa kuseri kwa nyumba sikukanakwanira, chifukwa chipongwe chinali chapoyera. Ndinabwereranso ndi mbuzi, tinakhala pabwalo la amfumu, ndipo ndinanena ndi pakamwa panga kuti wothyola chimanga uja ndinali ine. Akuluakulu ambiri anangoweramitsa mitu, ndipo ndinazindikira kuti ankadziwa chiyambire, anangolemekeza mawu a agogo. Odabwa anali amsinkhu wanga, ogwira khutu aja. Mmodzi mwa iwo anadzuka, anapita pamene panali atsibweni n'kunjuta, osanena kanthu. Ine ndinalonjeza kuti mabuku otsala ndiwatentha, koma atsibweni anakana. "Moto subweza mawu," anatero. "Asunge, uziwaona. Koma ukafuna kulembanso, ubwere ndi kope lako, ukhale pansi."

Ndi zimene ndikuchita patchuthi chilichonse. Ndimakhala pakhonde pawo, foni ikujambula mawu, iwo akuluka dengu kapena akusema mpini, ndipo zimene amandiuza sizikanatuluka m'mutu mwanga ngakhale ndikanapeka zaka khumi. Mlonda amene anagwira chikwanje anali tenanti wochokera kummwera, monga analili matenanti ambiri a m'maesiteti a ku Kasungu. Matenanti ankalandira chimanga pangongole kwa mwini esiteti, n'kudzawadula akagulitsa fodya. Chaka chimenecho phoso linachepa, ana a mlondayo nawonso anali otupa, ndipo anauzidwa kuti chimanga chilichonse chosowa m'munda adzalipira ndi iye. Patapita zaka anabwera yekha usiku kudzagwada pakhomo pa atsibweni. Mwana wa mlondayo atamwalira, atsibweni anatenga khasu n'kukakumba nawo manda. M'buku langa alondawo anali zilombo zopanda nkhope. Lamulo la ntchito la 2021 linaletsa utenanti, koma anthu amene anadutsamo adakali moyo, ndipo nkhani zawo zikupita nawo kumanda.

Ndinawafunsa tsiku lina ngati sanandikwiyirepo pamene ndinkalandira ndalama zawo ndi dzanja limodzi. Anati zinkawawa, koma ankaona kuti mwanayu akukula, akukhoza mayeso, ndiye kuti mawu a agogo akugwira ntchito. Chimene chinawapweteka ndi kachasu wa m'buku uja, chifukwa adzukulu awo anayamba kuwafunsa ngati kale ankamwa. Za iwo eni safuna ndilembe zambiri. Amafuna ndilembe za amayi amene ankagawana kambale kamodzi ka madeya nyumba zitatu, za ana amene anaikidwa atakulungidwa mumphasa chifukwa matabwa panalibe wowacheka, ndi za anthu amene ankagwa panjira yopita kuchipatala. Amawatchula mmodzimmodzi, ndi mayina a amayi awo.

Kalembedwe kanga kasintha. Mutu uliwonse ndisanautayipe ndimawerengera mayi ndi atsibweni mokweza. Nthawi zina amati, "Ayi, sizinali choncho," ine n'kukonza. Nthawi zina ndimalimbikira, chifukwa nthano si kaundula wa amfumu, imafuna kudula apa ndi kulumikiza apo, ndipo timatsutsana mpaka nsima kuzizira. Kupeka sindinasiye. Chimene ndinasiya ndi kutenga chipsera cha munthu wamoyo n'kumusokerera khalidwe limene ndafuna ine. Mnyamata wa m'buku latsopano limene ndikulembali amaba, amanama, amachita mantha, ndipo kumulemba n'kowawa kuposa mmene ndinkaganizira.

Ngongole ya kubanki m'khonde tikubwezabe, ndipo amene amakakhala pamphasa pamaso pa amayi anzake tsiku lobweza ndi mkazi wanga, yemwe anandichenjeza. Njinga sinabwerere. Mabuku amene anagulidwa kale sindingathe kuwatolera, ndipo ena ali m'manja mwa ana asukulu amene amabwerekana. Choncho ndikupempha aliyense amene ali nalo kapena analiwerengapo kuti adziwe izi. Munthu wa khutu limodzi amene ali m'bukumo sanabe, samwa mowa, ndiponso si waulesi. Anataya khutu, banja ndi mbiri yake kuti mwana wa mlongo wake asadulidwe, kenaka anamuphunzitsa ndi thukuta lake. Wothyola chimanga anali mwanayo, ndipo ndi amene analemba bukulo. Ngati munabwereka mnzanu, mukamuuzenso zimenezi.